Mita Yodya Eni Ake Ali Kuchipatala

"Mwatibera, mayi. Mwatibera dzuwa likuswa mtengo, ndipo inu mukudziwa."

Ndinakankhira lisitilo pansi pa galasi la zenera lachitatu, mu ofesi ya kampani ya magetsi. Mayi wa pazenerapo sanaphethire n'komwe. Analitenga ndi zala ziwiri n'kuliwongola patebulo ngati akusita kolala.

"Wakuberani ndani, achemwali? Ine ndangofika eyiti koloko yomweyi."

"Werengani pamenepo. Ndalama talipira. Mayunitsi, ziro. Tagula mdima?"

Kumbuyo kwanga wina anaseka. Mayiwo anadina makiyi a kompyuta, magalasi ali pamphuno.

"Nyumba yanu yakhala masiku 96 osagula magetsi. Tsiku lililonse lili ndi ndalama yake, kaya mwayatsa, kaya simunayatse. Mita imayamba yadula imeneyo. Zimene mwalipirazi zathera mmenemo, ndipo patsala masiku makumi awiri oti mulipire musanaone yuniti yoyamba."

"M'nyumbamo munalibe munthu."

"Koma waya analipo."

Amayi anga ndi telala. Amasokera pabalaza, pafupi ndi zenera loyang'ana kumsewu, ndipo ine ndimakonza mafoni ndi mawailesi pa kathebulo kakuseri kwa chitseko. Sindinapite kusukulu ya zimenezi. Ndinaphunzira pomasula zinthu zakufa ndi kuonera mavidiyo pa foni, mpaka Amayi anasiya kundiitana dzina langa n'kuyamba kunditchula Sipanala.

Miyezi itatu yapitayo Amayi anaterereka kubafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Anawatumiza kuchipatala chachikulu, mzinda wina, ndipo ine ndinapita kukawadikirira. Tikutseka nyumba, ndinatsitsa swichi yaikulu ndi manja angawa.

"Mita igone, Amayi," ndinatero. "Tikadzabwera tidzaidzutsa."

Amayi ali pa machira anandiuza kuti ndimatepo selotepi, kuti isadzuke yokha. Tinaseka.

Ndalama ya tsiku ndi tsikuyo inalipo kuyambira kale, pa kamzere kakang'ono kumunsi kwa lisiti. Tinkagula magetsi Loweruka lililonse, pang'onopang'ono, choncho inkangotitsina osatiluma. Amayi ankati mayunitsi akuchepa chifukwa cha chitsulo changa chowotcherera mawaya. Ine, katswiri, sindinawerengepo kamzereko.

"Ndiuzeni chinthu chimodzi," ndinauza mayi wa pazenera uja. "Alandilodi athu ali ndi mafiriji atatu, giza yotenthetsera madzi, ndi mababu a kumpanda oyaka ngati bwalo la mpira. Amalipira zingati patsiku?"

"Chimodzimodzi ndi inu."

"Ife tili ndi mababu awiri ndi makina osokera. Ndawerengetsera pa foni. Pa ndalama iliyonse imene timagulira magetsi, gawo limodzi mwa atatu limapita kumeneko. Kwa iwo ndi fumbi la m'thumba. Ndiye chilungamo chimenecho?"

"Mapolo amawola, achemwali. Mawaya amaduka. Anthu okwera pamwamba paja amalandira malipiro, kaya inu muli kuchipatala kaya muli kunyumba. Ndalama imeneyo ndi ya waya wofika pakhomo panu."

"Mtengo wa waya ndikuudziwa kuposa inu. Sindikukana kulipira waya. Ndikufunsa chifukwa chake womwa kapu ndi womwa mgolo akulipira paipi mofanana."

Madala ena a chipewa, amene anali pambuyo panga, anandigwira chigongono.

"Mwana wanga, zili ngati lendi. Ukachokapo mwezi, landilodi sakuchotsera."

"M'nyumba ndimagonamo, madala. Mu wayamu ndinagonamo liti?"

"Ugonamo lero ukapitiriza kutichedwetsa," anatero mwamuna wina kumapeto kwa mzere, anthu n'kuseka.

Mayi wa pazenera anavula magalasi. Mawu awo anatsika.

"Mukanatiuza musanapite, tikanachotsa mita. Koma kuchotsa ndi kubwezeretsa kumadula kuposa masiku 96 amenewa. Ndiye sindikudziwa kuti ndikanakulangizani chiyani. Nanenso mayi anga amakhala okha, babu limodzi, ndipo amalipira yomweyo."

"Ndiye mukuvomereza."

"Ine ndimavomereza ndalama, n'kupereka lisiti. Tengani fomu ya madandaulo iyi. Amayankha pakatha masiku makumi awiri ndi limodzi ogwira ntchito."

"Lolemba lili m'kati mwa masiku amenewo?"

Mayiwo anaitana wotsatira.

Lolemba ndilo linali vuto. Titangobwera kuchipatala, aphunzitsi aakulu a sukulu ya mkaka ya kumsika anabweretsa nsalu ya mayunifolomu makumi anayi, oti athe sukulu isanatsegulidwe. Amayi akhala akusokera sukuluyo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ndi ntchito imene imatilipirira lendi ya miyezi inayi. Aphunzitsiwo anasiya theka la ndalama. Amayi anaigawa patatu pa tebulo lodulira: ulusi, mabatani, magetsi. Ya magetsiyo ndi imene mita inameza.

Kokongola kunalibe. Mkulu wanga anali atakhuthula ndalama zake zonse kuchipatala. Makasitomala anga anali atapeza wokonza wina, ndipo chitsulo changa nachonso chimadya magetsi omwewo. Ndinapempha alandilodi kuti ndikoke waya kuchokera kugalaja kwawo masiku atatu okha. Anati inshuwalansi siilola, n'kutseka geti mwaulemu.

Nditafika kunyumba ndinamva phokoso ndili pakhonde. Khe. Khe. Khe. Amayi anali atachotsa lamba wa mota, akupukusa gudumu la makina ndi chikhatho chamanja, dzanja lamanzere likukankha nsalu. Ndodo yawo yoyendera inali itatsamira pampando.

"Akubwezera?" anafunsa osatukula mutu.

"Andipatsa fomu."

"Ibweretse. Kumbuyo kwake ndijambulapo patani ya kolala."

Makinawo kale anali opondera. Chaka chatha ine ndinawaika mota imene ndinachotsa ku makina akufa, ndipo miyendo yake yachitsulo pamodzi ndi chopondera ndinagulitsa kwa wogula zitsulo zakutha. Ndinkati Amayi asamatupe mapazi. Tsiku limenelo anandiuza kuti, "Chopondera sichifuna lisiti, Sipanala." Ine ndinati akuopa chitukuko. Lero chikanakhalapo ndikanaponda ine, iwo n'kumangowongolera nsalu.

Ndinaima kutsogolo kwa bokosi la mita, sikuludiraiva ili m'manja. Mawaya awiri, mphindi zisanu. Ndimadziwa pogwira.

"Ukakhudza bokosilo ndikudula zala ndi sizasi yanga yaikulu," anatero Amayi. "Akakugwira, chindapusa chake n'choposa makinawa, ndipo alandilodi atiponyera katundu kumsewu. Bwera udzapukuse."

Ndinapukusa. Lachisanu masana, Loweruka lonse, Lamulungu lonse, kuyambira kuwala kukalowa pazenera mpaka singano itasiya kuoneka. Ine gudumu, Amayi nsalu. Ndikafulumira ankati, "Ukuthamangira basi?" Ndikachedwa ankati, "Wagona, injiniya?" Ulusi unkaduka pafupipafupi chifukwa dzanja siliyenda mofanana ngati phazi. Chikhatho changa chinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, ndipo Amayi anandikulunga kansalu ka yunifolomu komwe. Iwo chiuno chinkawapweteka moti ankaimirira atagwira tebulo, maso ali otseka, kenako n'kukhalanso.

Lolemba m'mawa aphunzitsi aakulu anafika ndi galimoto yaing'ono yabuluu. Anawerenga mayunifolomu ali pa waya. Khumi ndi limodzi. Anawerenganso, ngati ena abisala kumbuyo kwa anzawo.

"Mayi, kusoka kwanu sindikukayika," anatero. "Koma makolo alipira kale. Ana akubwera mawa."

"Ndikumva, aphunzitsi."

"Theka lija likhale la khumi ndi limodziwa, tisavutane. Nsalu yotsalayi ndipite nayo kwa telala wa kuseri kwa banki. Ali ndi makina atatu."

Amayi anapinda nsaluyo okha, ngodya ndi ngodya, n'kuikamo ulusi ndi mabatani amene tinagula, kuti mtundu usasiyane. Aphunzitsiwo ali pakhomo anati chaka chamawa tidzaonana. Amayi anati zikomo. Tonse atatu tinkadziwa kuti ntchito ikalowa kwa wa makina atatu siibwerera.

Galimoto itapita, Amayi anaphimba makina ndi chinsalu chake. Sanandikalipire. Bola akanatero.

"Sipanala," anatero patapita nthawi, "chopondera chija unagulitsa zingati?"

Ndinawauza. Inali ndalama ya masiku asanu ndi anayi a mita.

Anangogwedeza mutu.

Ndinatuluka panja n'kukhala pansi pa bokosi la mita. Kagetsi kake kofiira kankaphethira. M'nyumba yonse chinali chinthu chokhacho choyaka, ndipo tsiku la lero linali litalowa kale pa ngongole yathu. Foni inatsala ndi moto pang'ono. Ndinaimba nambala yolembedwa kumunsi kwa lisiti. Kunalira nyimbo, kenako mawu ojambulidwa a mkazi anandiuza kuti ndine kasitomala wofunika, ndidikire. Nyimbo. Mawu omwewo. Nyimbo. Kenako kunamveka kuti thi, ndi kupuma kwa munthu, kapena mwina kunali kuwomba kwa waya chabe.

"Musadule," ndinatero. "Sindikufuna fomu. Ndikufuna munthu amene anakhala pampando n'kulemba kuti mayi wa mababu awiri, ali chigonere kuchipatala, azilipira tsiku mofanana ndi wa mafiriji atatu. Alipo, ali ndi dzina, amadya masana. Mupatseni foniyi. Amayi anga ali m'nyumbamu, akumva. Awauze yekha kuti masiku 96 aja tinagula chiyani. Ndiyankheni."