Manambala Ofiira pa Matepi

Ba Meshack atabwerera ku Lusaka mu 1996, patatha zaka khumi ndi zitatu ali ku Mangalande, anapeza kuti mzinda sunawadikire. Holo ya kanema momwe ankathera Loweruka lililonse pa unyamata wawo inali itasanduka tchalitchi, ndipo m'mbali mwa Cairo Road ankagulitsamo salaula, majekete omwe aja ankaona azungu akutaya. Koma chowasowetsa mtendere si mzinda ayi. Anali mwana wawo Salifyanji, amene anamusiya ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, pano mayi wapabanja pake ku Chelstone.

Ali kunja kuja, kulemba kalata kunkawalemera, ndiye ankatumiza matepi a vidiyo. Pa TV ya kumeneko pankaonetsedwa sewero lina la nkhani zopeka za sayansi, gawo lililonse nkhani yakeyake, anthu akenso ena. Mlungu uno dziko logulitsa mvula m'mabotolo, mlungu wamawa makina oyankha makalata m'malo mwa mwiniwake. Iwo ankajambula n'kuponya ku positi, mwana n'kumakaonera kwa amalume ake ku Woodlands, komwe kunali deki yoonetsera matepi. Matepi anakwana khumi ndi anayi, kenaka anasiya. Chifukwa chake chinali mkazi wina ku Leeds, amenenso anadzawasiya.

Ulendo woyamba ku Chelstone, Salifyanji anawalandira ndi tiyi ndi mawu owerengeka. Potuluka, ali pageti, anamufunsa ngati matepi aja akadalipo.

"Alipo," iye anatero. "Bwelani Sande tikachoka ku chalichi. Tizaonelela imodzi."

Imodzi. Ba Meshack anamva bwinobwino: kuti kudzakhale Lamlungu lachiwiri, zidalira tepi yoyambayo.

Mlungu wonse, m'kachipinda ka lendi ku Kabwata, anakhalira kulemba ndondomeko papepala. Yoyamba inatsata momwe magawo anatulukira pa TV, koma gawo loyamba linali lozizira ngati tiyi wa dzulo. Yachiwiri inayamba ndi gawo lokoma kuposa onse, la munthu wopita ku nyenyezi mlungu umodzi n'kubwerako ana ake atachita imvi. Anaifuta msanga. Imeneyo ikanaoneka ngati kupepesa kudzera pakamwa pa mzungu. Yachitatu inayambira zoseketsa kupita ku zachisoni, ndipo imeneyi anaipinda n'kuika m'thumba la jekete.

Lamlungu masana, Jethro, mwamuna wa Salifyanji, anatulutsa katoni pansi pa kabati. Ba Meshack anazindikira zolemba zawo pa tepi iliyonse. Koma pamsana pa iliyonse panalinso nambala yofiira, yolembedwa ndi utoto wopaka zikhadabo, kuyambira 1 mpaka 14.

Pepala lija analiiwala. Anayala matepi patebulo motsata manambalawo, n'kuvala magalasi. Manambalawo sanatsate momwe iwo anatumizira, pakuti nambala 1 inali ya mvula ya m'mabotolo, imene anatumiza kachinayi. Sanatsatenso kukoma, chifukwa ya ku nyenyezi ija inali pa 9.

"Kapena unayamba ndi za padziko pano, kumalizira zakumwamba?" anafunsa.

Salifyanji, atakhala pampando wapatali, anapukusa mutu.

"Apongozi, na ine ninayesa kale," anatero Jethro. "Ninaganiza ni kutalika kwa nkhani, mpaka ninapima na nkoloko. Ananiseka chabe uyu."

"Kapena zimene zinakuopsa kwambiri unaziika kumapeto?" Ba Meshack anafunsanso mwana wawo.

"Palibe inaniyofya." Salifyanji ananyamuka n'kutenga nambala 1. "Penyani chabe."

Anaiika mu deki, n'kuithamangitsa mpaka pakati. Mayi wa m'nkhanimo anali akutsegula botolo la mvula. Mwadzidzidzi chithunzi chinagwedera, panaoneka kamwana kakumwetulira ndi sopo kwa kamphindi, chinagwederanso, ndipo mayi uja anali kale panja, atanyowa.

Ba Meshack anakumbukira. TV ya kumeneko inkadula nkhani pakati ndi kutsatsa malonda, ndipo iwo ankakhala pafupi ndi deki, chala pabatani, kuimitsa kujambula malonda akayamba, kuyambitsanso akatha. Tsiku limenelo anachedwa kuwiri konse.

"Ndinaiwononga imeneyi," anatero. "Sunaone momwe mvula inatulukira m'botolo."

"Sininaone, mpaka lelo." Salifyanji sanachotse maso pa TV. "Koma mashini siichedwa so. Uyo ni munthu. Nenze kuziba kuti pamene apa munali pa mpando, muyangana chamene niyangana ine. Nenze kubweza tepi pa ka sopo aka mpaka ba malume anakalipa."

Anapitiriza kufotokoza mosakweza mawu, ngati akuwerenga mndandanda wa zogula. Kuyambira 1 mpaka 6, malonda onse anadulidwa ndi dzanja, ndipo yolakwitsa kwambiri ndiyo anaiika patsogolo. Pa 7 mpaka 10 anadula koyambirira kokha, kwinako malonda n'kumangodutsa. Kuyambira 11, palibe anadula kanthu. Deki inangotcheredwa nthawi n'kudzijambulira yokha, m'nyumba mopanda munthu.

"Ya 14 inapitiliza mpaka nyuzi, na za nyengo. Niziba kuti tsiku ija ku Leeds kunagwa sinoo."

Jethro ananyamuka, nati akaone ngati madzi abwera kumpopi.

Ba Meshack anatenga nambala 14 n'kuitembenuza. Mutu wa nkhani analemba okha, kukopera mu nyuzipepala. Anayesa kukumbukira nkhaniyo, osapezamo ngakhale nkhope imodzi. Akanatha kunena kuti ntchito inachuluka masiku amenewo, ndipo mawuwo anafika mpaka pamilomo.

"Iyi sindinaionepo," anatero. "Ngakhale 13. Kapenanso 12, sindikudziwa. Imakamba za chiyani?"

Koyamba chibwerereni, Salifyanji anawayang'ana m'maso nthawi yaitali.

"Simuiziba zoona?"

"Sindiidziwa."

"Ni yabwino kuchila ija yanu ya ku nyenyezi."

"Ndiye tiyambire imeneyi. Tizibwerera cham'mbuyo."

"Cham'mbuyo ni ma Sande fotini," iye anatero. "Muzakwanisa?"

"Minibasi za ku Chelstone ndazidziwa tsopano."

Salifyanji anatulutsa nambala 1, nalowetsa 14, n'kudikira kuti ibwerere poyambira. Deki inkalira ngati njuchi. Tepi itafika poyambira, anachoka pampando wapatali uja n'kukhala kumapeto kwa sofa yomwe anakhalapo bambo ake, pakati n'kusiya malo a munthu mmodzi. Kenaka anawaponyera rimoti pamiyendo.

"Malonda ni yambili maningi umu, ba dadi. Muziyathamangisa ndimwe."

Ba Meshack anafunafuna batani lake, naikapo chala, n'kudikira.