Jombo za Kudenga

Ku Kachulu kunalibe amene sankaudziwa mwendo wamanzere wa Hamisi. Anali wa zaka khumi ndi zisanu, woonda ngati bango, koma akamenya mpira wansanza pa dambo louma la m'mudzimo wapagolo ankachita kuuzinda. Mbiri yake inapita ndi madengu a matemba mpaka ku Zomba.

Loweruka lina kunatulukira Wilisoni, kalaliki wa ku Zomba amene ankayang'anira timu ya kumeneko. Poti anali wodziwa mwambo, sanataye nthawi ndi bambo a mwana. Analunjika kwa mjomba wa Hamisi, Che Salimu, mwini mbumba.

"Mwanayu tipatseni, Che Salimu. Ntchito ya umesenjala tampezera kale."

Che Salimu anapitiriza kutembenuza matemba pa thandala. Mtima wawo unakana pomwepo. Mpira wa m'tauni anauonerapo kamodzi: madoda a ndevu, ovala jombo zamisomali, kugundana ngati ng'ombe. Msongolo wa Hamisi sukanatha mwezi. Koma akane bwanji, mwana ali chilili pambali, mano onse pamtunda?

"Sanavalepo nsapato chibadwire ameneyu," anatero.

"Zimenezo ndaziganizira kale." Wilisoni anamasula jombo zakuda pa kaliyala wa njinga. "Azizolowere. Ndibwera pakatha milungu inayi. Akasewera nazo bwino, tinyamukira limodzi."

Tsono masiku amenewo nsapato sizinali zopondera pansi wamba. Amene anali nazo ankazikoleka m'khosi ulendo wonse, n'kukazivalira pakhomo la ukwati. Hamisi naye anachita zomwe ankadziwa. Anazidzoza mafuta a nsatsi, n'kuzipachika kudenga ndi luzi kuti makoswe asaziyandikire. M'mawa uliwonse kuzitsitsa, kuzipukuta, kuzibwezera. Mpira ankamenyabe ndi phazi lake lija.

Che Salimu ankaziona zonsezi. Iwo anagwirako ntchito ku migodi, ndipo ankadziwa kuti jombo yatsopano imaluma, imafuna kuweta. Liwu limodzi lokha likanakwana. Anangotseka pakamwa, ndipo tisanamizane, m'kamwamo munkakoma.

Wilisoni anabweradi, atanyamula mpira wachikopa. Mudzi wonse unakhamukira kudambo. Hamisi atavala jombo zake zonyezimira anayamba kuyenda ngati kakowa m'matope. Mpira woyamba unakagwera m'mabango. Wachiwiri anamenya dothi, mpira uli phee pomwe unali. Pasanapite nthawi zidendene zinali matuza okhaokha. Wilisoni anatembenuza jombo imodzi, n'kupeza kunsi kwake kudakali kwa m'sitolo. Anaseka mpaka misozi.

"Zisunge, mphwanga. Tidzaonana chaka chamawa."

Anthu atabalalika, Zuhura, mayi ake a Hamisi, anawapeza achimwene awo pa thandala.

"Achimwene, inu munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Mwana akulira kuseri uko, inu muli mwee!"

"Akulira ali ndi miyendo iwiri, chemwali. Fulumira adadya gaga."

Zuhura anakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kuola matemba.

M'mawa mwake Che Salimu anamuitana Hamisi, nazitsitsa okha jombo zija kudenga.

"Vala. Kudoko, kumpunga, kumpira, paliponse. Uzivula pa mzikiti pokha."

"Nanga zikang'ambika, amjomba?"

"Zing'ambike. Ndiyo ntchito yake."

Anaima pakhomo kumuonerera akutsimphina kulowera kudoko, nkhafi ili paphewa, amayi a pachitsime akumuseka. Anakondwa Che Salimu, anakondwa zedi: mwana anali akadali wawo chaka china chathunthu, mafupa akhwime kaye. Koma atafika pa mtengo wa mkuyu wa m'njiramo, Hamisi anasiya kutsimphina n'kuyamba kuthamanga pang'onopang'ono. Chimwemwe chija chinatsika pang'ono. Jombozo zinali zitayamba kale kumuzolowera, ndipo amene anazitsitsa kudenga anali iwo eni.