Chipewa cha Bizwell Kumanda

"Vulani chipewacho, alamu! Kuno ndi kumanda, si kumsika wa Sharpevale."

Anatero Gracian, mlongo wake wa Ida, mokweza dala kuti anthu amve. Dzuwa la Okutobala linali litaswa mtengo, ndipo bokosi la mayi awo linali lisanatsitsidwe.

Ida, ali pakati pa amayi olira, anamva mtima kuwira. Mwamuna wake Bizwell anali wachialubino, ndipo panali patangotha miyezi iwiri chimuchotsereni chotupa pakhutu ku Lilongwe. Mawu a dokotala Ida anawasunga ngati vesi. Anati m'khungu la munthu muli timapuloteni tokhala ngati alonda, timene timalamula khungu kuti lisakule mosokonekera, n'kuletsa chotupa chisanamere. Koma dzuwa likamawotcha khungu lotere tsiku ndi tsiku, alondawo amagonja, khansa n'kulowa. "Chipewa chisachoke kumutu," anatero dokotalayo. "Ikabweranso sitidzadula khutu lokha."

Ndiye lero Gracian, munthu woti mayi ake akudwala sanabwere ndi panado yemwe, ndi amene adziwe mwambo!

"Alamu, ndili ndi chifukwa," anayankha Bizwell motsitsa mawu.

"Chifukwa chanji? Amuna onsewa avula, inu ndiye bwana? Mkamwini wanji wonyoza apongozi ake ali m'bokosi?"

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati malemu sagona bwino zikatere. Bizwell, munthu wosakonda mapokoso, anavula. Chipsera chija chinaonekera, chofiira, dzuwa lili nacho.

Ida anadzambatuka, misozi itauma ndi ukali.

"Bambo a Tisunge, valani!"

"Ndi kanthawi kochepa, mayi."

"Kanthawi kati? Abusa awa akatsegula Baibulo amatha maola awiri." Anatembenukira mlongo wake. "Achimwene, kuchipatala kuja munaliko? Munamuona akumucheka?"

"Walira mvula walira matope, Ida. Unamusankha wekha mwamunayo. Ngati chipewa chaposa amayi, atuluke m'manda muno."

 Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamudzudzula Gracian, ndipo izi ndi zimene zinamuwawa kwambiri Ida. Onsewo ankadziwa kumene Bizwell anagonekedwa, ena mpaka anamuperekeza pokakwera minibasi.

Ida anayang'ana bokosi lija. Mayi akewo anawasambitsa yekha miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ankafunitsitsa kuwaponyera dothi ndi dzanja lake. Anatsomphola chipewa m'manja mwa mwamuna wake, n'kumuveka yekha, n'kumugwira pamkono.

"Amayi ndinawalemekeza ali moyo," anatero. "Manda ena sindikumbitsa chaka chino. Tiyeni."

Anadutsa pakati pa anthu, amayi akumuitana kuti abwerere. Atafika pamsewu anamva nyimbo yotsitsira bokosi.

"Bwererani, mayi," anatero Bizwell. "Ine ndikafika ndekha."

Ida sanacheuke. Analira njira yonse, dzanja lili pamkono pa mwamuna wake, ndipo dothi la mayi ake anaponya ndi ena.