Mpando wa Pazenera

Anandisankha ine chifukwa cha pakamwa. Ndine wometa tsitsi, ndipo munthu akakhala pampando wanga ndimamulongolozera mpaka aiwale kuti anali ndi changu. Ndiye mlamu wanga atamwalira, amalume a mkazi wanga anandiimbira foni nati, "Bambo, inu ntchito yanu ndi imodzi basi. Bwerani nawo amayiwo pa ndege, koma asadziwe kanthu mpaka afike kuno. Tayitana nesi, adzakhala pambali tikamawauza."

Mlamu wangayo tonse tinkangomuti Mzime, poti ndiye anali womaliza kubadwa kwa apongozi anga. Ankawotcherera zitsulo m'tauni ina, ndipo anagwa kuchokera padenga la nyumba yosungiramo katundu. Apongozi nthawi imeneyo anali kwathu, kudzalandira mankhwala a bipi. Adokotala anali atatichenjeza kale kuti mtima wawo ndi wotopa, asamadzidzimutsidwe, komanso ulendo wautali wa pa basi ayi, miyendo imatupa. Choncho tinawauza kuti Mzime wavulala ndipo amutengera kuchipatala cha kwawo. Mkazi wanga anatsogola pa basi, chifukwa maso ake akanatiulula tonse. Ine ndinatsala ndi apongozi ndi bodza.

Ndegeyo, abale inu, inali nkhalamba kuposa apongoziwo. Mipando yake inali yothetheka, chogwirira mkono chomata ndi tepi, katebulo ka kutsogolo kwanga kakungogwa kokha ngati nsagwada ya munthu wogona. Mkati munkanunkha palafini ndi kapeti yonyowa. Mawondo anga analowa mumsana wa mpando wakutsogolo n'kukhazikika momwemo. Mwaulemu wanga ndinawapatsa apongozi mpando wa pazenera, ine n'kukhala pakati. Kumbali ya kanjira kunakhala chibambo china chonenepa, cha jekete, chimene chinangomanga lamba n'kuyamba mkonono ndege isananyamuke.

Chikwatirire mwana wawo sindinakhalepo moyandikana ndi apongozi anga. Kunyumba iwo akakhala pabalaza, ine ndimapeza chokonza panja. Lero phewa langa linali pa phewa lawo, ndipo ndinalibe kothawira. Manyazi anandigwira.

Pamiyendo anali atafungatira jumbo. Munali malalanje ndi masokosi aubweya amene anandituma kukagula dzulo lake.

"M'chipatala mumazizira," anatero. "Mwana ameneyu chibadwire mapazi ake sachedwa kuzizira."

"Zoona, amayi," ndinayankha, n'kuyamba ntchito imene anandituma. Ndinawauza za kasitomala wanga wa dazi amene amalimbikira kuti ndimumete sitayilo. Ndinawauza za makina anga amene anazima magetsi atathima, mphunzitsi wina n'kupita kukalasi mutu uli theka. Anaseka pang'ono, mwaulemu. Ine mumtima ndinkangoti, pitirira ndegewe, pitirira.

Ndinkadziwa kuti ndegeyi imayamba yatera m'tauni ya Mzime isanapitirire kwawo kwa apongozi. Zimenezo sizinkandidetsa nkhawa, chifukwa amalume anali atanditsimikizira kuti thupi linyamuka ndi ndege ya dzulo lake. Titatera ndi chiphokoso chonga cha mabeseni akugwa pashelefu, woyendetsa ndege analankhula pa chimkuzamawu chake chosasa.

"Amene mukupitirira khalani m'malo mwanu, musatsike. Tichedwerapo pang'ono pano. Dzulo ndege yathu sinauluke chifukwa inali ndi vuto, ndiye tinyamula anthu ndi katundu yense amene anatsalira."

Katundu yense amene anatsalira! Ndinayatsa foni mobisa, ndipo mauthenga anakhuthuka: thupi silinanyamuke dzulo. Amalume ankayesa kuti mkazi wanga wandiuza. Mkazi wanga ankayesa kuti amalume andiuza. Atazindikira, ife tinali kale m'mwamba, foni nditazimitsa monga anatilamulira. Banja limeneli! Pogawana ntchito ndi akatswiri, koma wouza mnzake palibe.

Anazimitsa injini, kamphepo ka pamwamba nako n'kuleka. Kutentha kunatsika pa ife nthawi yomweyo. Mwana wina kumbuyo anayamba kulira, anthu akudzikupiza ndi timapepala ta m'matumba a mipando. Thukuta linkayenderera m'msana mwanga mpaka mu lamba wa thalauza.

"Amayi, tisinthane malo," ndinatero. "Dzuwa likukuwombani pamenepo."

"Ayi bambo, ndili bwino. Ndikuona tauni ya mwana wanga. Amakhala cha uko, kuseri kwa thanki ya madzi ija."

Ndinatambasula mkono pamaso pawo, chinthu chimene sindinachitepo, n'kukoka chotsekera pazenera. Chinatsika theka n'kukakamira. Ndinachikoka, ndinachimenya ndi chikhatho, osatheka. Mtsikana wothandiza anthu mu ndege anafika, nkhope ili ndi thukuta koma akumwetulirabe.

"Pepani bambo, tikuthira mafuta. Mazenera onse akhale otsegula."

"Mayiwa dzuwa likuwapweteka."

"Ndi lamulo, bambo." Anachikankha ndi chala chimodzi, ndipo chinthu chopanda ulemucho chinakwera bwinobwino.

Ndinafuna kudzuka kuti ndimunong'oneze kumbuyo, koma chibambo cha jekete chinali chitatseka njira ngati kabati. Ndinachigwedeza. Chinangong'ung'udza n'kutembenuzira mutu uko.

Ndiye ndinabwerera ku pakamwa panga. Ndinayamba nkhani ya mkwati amene anabwera kudzametetsa ataledzera, ndikukweza mawu, manja ali m'mwamba, kuti maso awo akhale pa ine.

"Bambo," anandidula apongozi, "mwalankhula chinyamukireni. Kodi kukhosi sikuuma? Idyani lalanje."

Pomwepo kathirakitala kanatulukira kakukoka ngolo. Pangolo yoyamba panali masutikesi. Payachiwiri panali bokosi lalitali, lokutidwa ndi chiguduli, lomangidwa zingwe. Anaimika pansi penipeni pa zenera lathu. Makina okwezera katundu anawaliza, anatsokomola, anazima. Anawalizanso, zii. Amuna onyamula katunduwo anayang'anana, kenako anazungulira bokosilo kuti alinyamule pamanja. Mmodzi wachikulire anavula chipewa n'kuchipinda m'thumba.

"Maliro awo," anatero apongozi chapansipansi.

"Ayi amayi, ndi katundu chabe. Mwina firiji."

"Firiji amaivulira chipewa?"

Apongozi anayandikitsa nkhope pagalasi lokandikakandika lija.

"Mwana wa munthu ameneyo," anatero. "Kaya amake awauza. Pang'onopang'ono, ana inu, musamugwetse." Anatseka maso, milomo ikugwedera, kupempherera mayi amene sankamudziwa. Ine ndinkayang'ana mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda, ndikuwerengera mumtima kuti mabotolo a mankhwala ali m'thumba liti. Ndinachita mantha kuposa tsiku lina lililonse pamoyo wanga.

Kenako tinamva kugunda pansi pa mipando yathu, du, n'kukhwekhwereza. Zinamveka m'mapazi.

Anthu otsalira dzulo anayamba kulowa, otopa, okwiya, akukankhana ndi zikwama. Ndinkadziwa amene ndikumuopa. Bokosi siliyenda lokha. Ndinapemphera kuti amupatse mpando wakutsogolo, asafike kuno. Ndinawerama ngati ndikumanga nsapato, mutu n'kugunda katebulo kaja, ndipo nditadzuka ndinamuona. Mkazi wa Mzime ankabwera m'kanjiramo, mutu atamanga mpango wakuda, maso otupa. Pachifuwa anali atakumbatira jekete la ntchito la mwamuna wake, labuluu lija, lobowokabowoka ndi moto wowotcherera.

Ndinamupukusira mutu. Ndinaika chala pakamwa. Koma iye sankayang'ana ine. Anaona apongozi ake ali mu ndege yomwe yanyamula mwamuna wake, ndiye akanaganiza chiyani? Anagwada pomwepo m'kanjira.

"Amayi ine! Mwana wanu wandisiya, amayi!"

Ndege yonse inangoti chete. Ngakhale mwana wolira uja analeka. Chibambo cha jekete chinadzidzimuka, chinayang'ana mayi wogwadayo, chinayang'ana ife, n'kumasula lamba mofulumira.

Apongozi sanakuwe. Anayang'ana jekete labuluu lija nthawi yaitali, kenako zenera, pomwe ngolo inali ikubwerera yopanda kanthu. Jumbo inatsetsereka, malalanje n'kugubuduka pansi pa mipando. Milomo yawo inatuwa. Dzanja linapita pachifuwa.

"Madzi!" ndinakuwa. "Chemwali, madzi! Mayiwa ndi a mtima!"

Chitsekero cha botolo la mankhwala chinandikanika, mpaka bambo wa jekete uja anandilanda n'kutsegula. Apongozi anameza piritsi. Mtsikana wa mu ndege anagwada pampando wakutsogolo akuwakupiza, nati chitseko sanatseke, ngati tikufuna atitsitsa, ayitane ambulansi.

"Titsike, amayi," ndinawachonderera. "Chonde titsike, akakuoneni adokotala."

Anapuma kangapo, movutika, mpweya ukulira m'chifuwa. Kenako anapukusa mutu.

"Sinditsika. Mwana wanga ali muno."

"Amayi..."

"Ndati sinditsika. Tsekani chitsekocho tizipita."

Bambo uja anamupatsa mkazi wa Mzime mpando wake, iye n'kupita kukafuna malo kwina. Ndinatsala pakati pa azimayi awiri, wina akulira mu jekete, wina ali duu. Anagwirana manja modutsa pa ine. Injini zinalira, ndege yonse n'kuyamba kunjenjemera.

"Munadziwa, bambo," anatero apongozi osandiyang'ana.

"Eya, amayi. Tinaopa mtima wanu."

"Nkhani zonse zija."

"Eya."

Ndege itayamba kuyenda, ndinaona akuvutika pampando, akudzikoka, mawondo akugunda mpando wakutsogolo. Ndinayesa kuti mtima wayambanso. Nditayang'ana pansi ndinaona kuti avula nsapato ndipo akweza mapazi onse awiri m'mwamba, osakhudza pansi. Miyendo yotupa ija inkanjenjemera ndi kulemera kwake.

"Amayi, tsitsani miyendo, mudzipweteka."

"Ndimuponde?" anatero. "Ali pansi pomwe pano. Ndinamva pomwe anamuika. Ndimuponde mwana wanga?"

Panalibe poika mapaziwo. Mpata wake unali wosakwana ndi chikwama chomwe. Ndinawayang'ana akulimbana, thukuta lili pamphumi, mapazi akutsika pang'ono iwo n'kuwakwezanso. Ndiye ndinachita chimene sindinaganizepo kuti ndingachite. Ndinakweza chogwirira mkono chomata tepi chija, ndinawatembenuza pang'ono kuti atsamire khoma, n'kunyamula mapazi a apongozi anga ndi manja anga awiri, kuwaika pamiyendo panga. Anali olemera, olimba kuzidendene. Sanakane. Mtsikana wa mu ndege anadutsa akuyang'ana malamba, anaona mmene takhalira, koma anangopitirira.

Tinakwera m'mwamba. Kutentha kuja kunatha, ndipo kuchokera m'munsi mwa khoma munayamba kutuluka mphepo yozizira, yoluma m'akakolo. Ndinawatolera jumbo yawo. Malalanje anali atabalalika, munangotsala masokosi. Anawatulutsa, anawayala pachifuwa, akuwasisita ndi chala.

"Bambo," anandiitana patapita nthawi. "Pansipo pamene amuikapo, pamazizira?"

Pakamwa panga panayamba pokha, mwachizolowezi. "Ayi amayi, amaikamo zotenthetsera, mumakhala bwino kwabasi..."

"Bambo." Anandiyang'ana m'maso koyamba chikwatirire mwana wawo. "Mabodza akwana lero."

Mphepo ija inkandilasa m'mapazi ngakhale ndinali mu nsapato.

"Pamazizira, amayi," ndinatero.

Anagwedeza mutu, anapinda masokosi aja n'kuwalowetsa mkati mwa bulauzi kuti afunde, ndipo pamenepo m'pamene anayamba kulira.