Mabowo Anayi Amene Alamu Anatseka

Ndinatsika basi kutada. Nyumbayo sindinkaidziwa. Achemwali anali atangosamukiramo ndi amuna awo. Anandilondolera pafoni: geti la malata, chitseko chobiriwira, ugogode mwamphamvu.

Ndinagogoda katatu. Anatsegula alamu, malaya ali mathothomathotho a penti. Ndiyo ntchito yawo.

"Wafika woyendayenda! Lowa msanga, ukutilowetsera mphepo."

Anatseka, n'kuyala chiguduli kunsi kwa chitseko. M'katimo munali motentha. Mbaula pakati, makala ali psuu. Achemwali anali pampando, mwana pamiyendo. Sanaimirire.

"Mutu, achimwene. Lero tsiku lachitatu. Umangoyamba kukada."

Mwanayo timamutcha Kabelu. Akalira, mzere wonse wa nyumba umadzuka. Tsikulo anali zii.

Ndagona m'nyumba zambiri za eni. Ndikalowa, maso amayamba ndi kufuna potulukira. Mawindo otseka, m'mbali atamatamo nyuzipepala. Pamwamba pa khoma, pafupi ndi denga, malo anayi penti yake inali yowala kuposa ina.

"Alamu, apo panali chiyani?"

"Mabowo a mpweya. Zachikalekale. Fumbi, mphemvu, chisanu, zonse zimalowera pomwepo. Tsiku lina mleme unagwera m'mbale mwanga. Ndinafwatikamo mapepala a simenti, pulasitala pamwamba, kenako penti. Mwininyumba sangadziwe n'komwe. Manja awa, mlamu, si masewera."

Anaseka. Ine ndinayasamula. Ndinayasamulanso. Kuseri kwa maso kunayamba kugunda. Ndinali ndisanathe ndi ola lomwe m'nyumbamo.

"Achemwali, Kabelu wayamwa liti?"

"Masana. Lero wagona bwino, mwana wabwino."

Ndinamunyamula. Mutu unagwera kumbuyo. Manja lendee. Ndinamutsina kuphazi. Osatekeseka.

Ndinakankha chiguduli chija ndi phazi, n'kuthamanga naye panja.

"Iwe! Umupha ndi chisanu mwanayo!" anakuwa alamu.

"Ndi mpweya woipa wa makala! Tulutsani mbaula! Tulutsani mlongo wanga!"

Achemwali anayesa kudzuka, n'kugwa chogwada. Apo alamu anasiya kukuwa. Anawagwira m'khwapa, kuwakokera pakhonde. Anabwerera kukatenga mbaula. Anainyamula ndi manjamanja.

Ndinamuuzira Kabelu kumaso. Ndinamusisita pamsana. Ndinamuitana. Mawu anga sindinawazindikire. Msewu wonse duu. Kenako anatsokomola. Kamodzi. Analira, kulira kwa kamphaka.

Chipatala chapafupi chinali chitatseka. Galimoto kunalibe. Mayi wosoka zovala wa khomo loyandikana anatilowetsa kwawo, n'kutsegula mawindo onse. Palibe anagona. Ine ndinkawerenga mpweya wa mwana. Ndikasokonezeka, ndinkayambiranso.

Kusanache bwinobwino tinakonzeka kupita kuchipatala chachikulu. Achemwali analowa kukatenga thewera. Ndinawatsatira. Tinapeza alamu ataimirira pampando, manja okulunga nsanza, atagwira hamala. Bowo limodzi linali lotseguka. Mapepala akuda ali mbwee pansi.

"Mayi a Kabelu, ndiboole onse? Awiri sakwana? Chisanu chija..."

"Onse anayi, bambo a Kabelu. Ndikabwera ndidzapisamo dzanja langa, limodzilimodzi. Likakakamira penapake, mwanayu sagonamo."

Alamu anatukula hamala. Anatembenukira kukhoma.

Basi yoyamba inaima pageti. Tinakwera. Kondakitala anafuna kutseka windo.

"Lisiyeni," ndinatero.

Kabelu anali pachifuwa panga. Chala changa ndinachiika pansi pa mphuno yake. Sindinachichotse.