Wotchi ya Mkamwini wa Mayi Karasawa

Mayi Sumie Karasawa sankadziwa kudikira. Pamsika wa m'mawa ku Ina, pomwe ankagulitsa masamba a mpiru oviika mumchere, wogula akaima n'kumapenda mtsuko uwu ndi uwo, iwo ankangoti, "Gulani kapena sunthani, mukunditchingira dzuwa." Ndiye taganizani munthu wotereyu akupita kukaitanitsa wotchi kwa anthu amene amatha m'mawa wonse akusalaza kachitsulo kochepa ngati njere ya chitowe.

Koma akanatani? Mwana wawo mmodzi yekhayo, Nodoka, anali atapeza mwamuna. Pa chinkhoswe akuchimuna amabwera ndi mphatso zawo, akuchikazi n'kubweza, ndipo chobweza chaulemu ndi wotchi. Mwanayo anamulera okha bambo ake atamwalira, ndipo sankafuna kuti a kwa Mikoshiba, akuchimunawo, anthu a minda ya maapozi, akanene kuti mwana wa mayi wamasiye wabwera chimanjamanja. Choncho masamba a mitengo atangoyamba kufiira anakwera basi kupita kumtunda, kukafakitale ka a Aruga, komwe wotchi iliyonse imalumikizidwa ndi manja.

Panali kavuto kamodzi. Mkamwiniyo, Ryohei Mikoshiba, ankagwira ntchito komweko.

"Asadziwe," anatero Mayi Karasawa akuloza a Aruga ndi ambulera. "Akangodziwa, wotchi yanuyo mudzavala nokha."

A Aruga, mkulu wa imvi amene anasiya kalekale kukhala pathebulo la ntchito, anawerama. "Musade nkhawa, mayi. Tidzangoti ndi ya bambo wina wa ku Nagoya."

Tsiku la chinkhoswe linasankhidwa pakalendala, tsiku lamwayi, pakati pa dzinja lozizira. Kulisuntha kunali kosatheka. Likanadutsa limenelo, a Mikoshiba akanalowa m'munda kukadulira mitengo, ndipo anthu amenewo akalowa m'munda ngakhale kumaliro amafika mochedwa.

Chipale chofewa chinagwa, wotchi osabwera. Mayi Karasawa anaimba foni. A Aruga anati yatsala pang'ono, kungoti muvi wina wolozera nthawi sukugwira bwino kuwala, aubweza kwa wosalaza. Anaimbanso. Anati muvi uli bwino tsopano, koma wotchiyo akaigoneka chafufumimba pamalo ozizira ikumathamanga pang'ono.

"Ndani amavala wotchi chafufumimba m'firiji?" anakalipa. A Aruga anangopepesa, ndipo ngakhale pafoni zinkamveka kuti akuwerama.

Chochedwetsa wotchiyo chinadziwika pachakudya. Nodoka, amene ankadziwa za mphatsoyo, anaika timitengo todyera pansi n'kuyamba kuseka mpaka misozi.

"Amayi, mukudziwa amene akubweza wotchi yanu?"

"Ndikanamudziwa bwenzi ali m'chipatala."

"Ndi a Ryohei. Ndi iwo amayendera komaliza wotchi isanatuluke. Dzulo amandidandaulira kuti bambo wa ku Nagoya ndi wopupuluma, amaimba foni ngati nyumba ikupsa. Akuti aibwezanso."

"Aibwezanso?"

"Akuti apeza pokalika m'kati."

Mayi Karasawa anayang'ana kalendala pakhoma. Tsiku lija linali litayandikira moti ankalinunkhiza. Anadzuka, n'kutenga mtsuko wa mpiru, n'kuukulunga m'nsalu.

"Amayi, musakaulule!"

"Ndikukangopereka ndiwo. Kupereka ndiwo ndi mlandu?"

Kukafakitaleko sanawalole kungolowa. Nsapato anavula, zimenezo n'zachizolowezi. Koma anawavekanso chovala choyera, kachipewa kobisa tsitsi lonse, n'kuwapatsa kansalu konyowa kuti apukute phauda kumaso, akuti phauda ndi fumbi. Kenako anawaimika m'kachipinda kopapatiza komwe mphepo inawawomba mbali zonse.

"Ndabwera kudzaona mkamwini kapena kudzapetedwa ngati mpunga?" anafunsa a Aruga.

M'kati munali zii. Mathebulo anali atali kufika pachifuwa, onse atayang'ana kumawindo akuluakulu, kunja mapiri ali mbuu. Anthu anali atawerama, aliyense ndi kagalasi kokuzira zinthu padiso limodzi. Ryohei atawaona anaimirira mofulumira mpaka mpando unagwedera.

"Amayi! Kwagwanji?"

"Palibe chagwa. Ndati ndione komwe mumathera tsiku lonse, mwina mumangogona."

Mnyamatayo anasangalala ngati mwana amene amayi ake abwera kusukulu. Anawakokera mpando, n'kuvundukula kambale kagalasi. Pansi pake panali wotchi ija. Mayi Karasawa anali asanaionepo, ndipo anasendera pafupi kuti aionetsetse.

Nkhope ya wotchiyo inali yoyera, koma osati kuyera kwa pepala. Inali ndi timizere tosaoneka bwino, ngati munda umene chipale chagwa usiku kenako mphepo n'kusesa pamwamba. Panalibe maluwa, panalibe miyala yonyezimira. Mivi yokha ndi timizere ta maola.

"Taipendekani pang'ono," anatero Ryohei. "Mwaona? Mbali iyi ya muvi ikuwala, inayo yada. Timasalaza mbali imodzi ngati kalilole, ina n'kuisiya yoziziritsa maso. Kuwala kopanda mthunzi sikukoma, amayi. Ndiye ngakhale m'chipinda muli kamdima, munthu amaona nthawi bwinobwino."

"Ndi yokongola," anavomera mokakamizika. "Nanga mwini wake bwanji simukumupatsa?"

Ryohei anapumira m'mwamba. Anatembenuza wotchiyo, kumbuyo kunali kotsegula. Timawilo ta mano tinkazungulira, kena kakugunda uku ndi uku ngati mtima wa mbalame. Ndi kopanira kakang'ono ananyamula kachitsulo kamene anali atamasula kale, n'kukatembenuza, n'kuwapatsa kagalasi.

"Tayang'anani m'mphepetemo."

Anayang'ana mpaka diso linatuluka misozi. "Ndikuona chitsulo."

"Pali kamzere. Wina anakala ndi chomangira."

"Kali pansi?"

"Pansi."

"Mukatseka kadzaoneka?"

"Ayi."

"Kachedwetsa nthawi?"

"Ayi, amayi."

"Ndiye ndani adzakaone, nyerere?"

Ryohei anamwetulira mwamanyazi. "Wotchi iyi idzatsegulidwa kuti ithiridwe mafuta, ife tonse titakalamba. Amene adzaitsegule mwina sanabadwe n'komwe. Adzatembenuza kachitsulo aka n'kunena kuti, anthu a kwa Aruga ankasesa pabwalo, zinyalala n'kumabisa pansi pa mphasa. Bambo wa ku Nagoyayo sindikumudziwa, koma sindingamupatse chinthu chotero."

"Chabwino. Fufutani kamzereko. Ndidikira pompano."

"Kusalaza sikuchedwa kwambiri. Koma ndikabwezeretsa, kuyesa kumayambiranso poyamba. Igone chagada, igone chafufumimba, iime cham'mbali uku ndi uku, pozizira, potentha."

"Ndiye idzatha liti?"

"Chipale chikamasungunuka."

Apa ndi pomwe chinsinsi chinafera. Mayi Karasawa anayesetsa ndithu, analuma mlomo, anayang'ana kudenga. Kumbuyo kwawo a Aruga ankapukusa mutu mowachonderera. Sizinathandize.

"Bambo inu! Ku Nagoya kulibe munthu! Wa ku Nagoya ndine! Wopupuluma uja ndine! Wotchiyi ndi yanu, ya pa chinkhoswe, ndipo mwakhala mukudzimana nokha dzinja lonse!"

Mitu yonse inadzuka, magalasi ali m'maso. Wina kumapeto anatsamwa ndi kuseka n'kubisa nkhope m'chigongono. Ryohei anafiira kuyambira m'khosi mpaka m'makutu. Anayang'ana wotchi, anayang'ana apongozi ake, anayang'ana a Aruga.

"Yanga?"

"Mwagontha?"

Anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda thebulo. Atadzuka, nkhope yake inali yopepukidwa.

"Ndiye palibe vuto, amayi. Ngati ndi yanga, ndimanga pompano muitenge lero. Kamzereko ndikukadziwa ndine ndekha. Ine ndingavale."

Mayi Karasawa anali atatambasula kale dzanja. Linaima m'malere. Kenako analibweza pang'onopang'ono n'kuliika m'chiuno.

"Mwati chiyani?"

"Ndati ine ndingavale choncho."

"Oho. Munthu wa ku Nagoya amene simunamuonepo ayenera zabwino, koma mwamuna wa mwana wanga avale zokalika? Ine ndinyamule katundu wachilema pamaso pa bambo anu, ndimwetulire, m'kati muli nyerere ngati nkhuyu? Ine pamsika tsamba limodzi likavunda mtsuko wonse sindigulitsa. Fufutani!"

"Koma amayi, tsiku lija..."

"Tsiku silisuntha. Kamzere kachoke. Zonse ziwiri."

"Sizingatheke zonse ziwiri."

"Mawu amenewo ndimawamva m'mawa uliwonse kwa ogulitsa mchere, ndipo madzulo zimatheka." Anatembenukira kwa a Aruga. "Inu abwana, tiyeni tikambirane. Chimadya nthawi n'chiyani, kusalaza kapena kugoneka?"

"Kugoneka, mayi. Ndipo isanamalize kuyesedwa sitingailembe chizindikiro chathu."

"Chizindikiro sindikuchifuna pa chinkhoswe, palibe adzaitembenuze. Salazani lero. Igone mmene mukufunira mpaka m'mawa wa tsikulo. Mundibwereke tsiku limodzi. Tikatha kudya ibwerere kuno idzamalize tulo take."

A Aruga anakanda chibwano. "Ikatuluka pakhomo, kuyesa kudzayambiranso."

"Kuyambirenso! Mwini wake ndi uyu, amakonda kudikira. Adikire."

Anthu anaseka osabisanso. Koma Ryohei anali adakali ndi nkhawa. Wosalaza wawo anali ndi ntchito yodzaza manja, anatero, sakanatha lero.

A Aruga anayang'ana kachitsulo kaja kwa kanthawi. Kenako anavula jekete, n'kupinda manja a malaya.

"Tandipatsa kuno, Ryohei. Manjawa sanaiwale."

"Abwana, inuyo?"

"Ukadzakabweza aka, ndidzakuchotsa ntchito."

"Ndikapeza kamzere ndidzabweza ndithu, abwana."

"Mwamumva?" anatero a Aruga akuseka. "Ameneyu ndiye mukumulowetsa m'banja mwanu."

"Ndamumva. Ndiwo zanu zili pakhomo, anandikaniza kulowa nazo."

Tsiku la chinkhoswe kunacha bwino, dzuwa likuwala pachipale mpaka kuthobwa m'maso. Mabanja awiriwo anakumana m'nyumba yodyera ya pafupi ndi mtsinje, m'chipinda cha mphasa. Mayi Karasawa anali atavala kimono yawo yabwino, mkanjo wautali wa pamwambo, lamba atawamanga mothina moti ankapuma mwapang'onopang'ono, ndipo anaima kukhomo la kukhitchini ngati wakuba. Alendo anali atakhala kale pansi pomwe Ryohei anatulukira kuseri, suti ili bwinobwino, kabokosi kathabwa kali m'manja awiri.

"Kachoka?"

"Kachoka. Abwana anasalaza kawiri. Koyamba ndinabweza."

"Mulibe manyazi. Bweretsani kuno. Zungulirani mukalowere kutsogolo, ndipo mukadabwe. Mukadabwe bwino, mwamva?"

Mayi Karasawa anatsegula kabokosiko kuti atsimikize, n'kuikhudza wotchiyo pang'ono, n'kutseka. Anakakulunga m'nsalu yofiirira n'kumanga mfundo.

A Mikoshiba anapereka mphatso zawo, mawu aulemu ananenedwa, mitu inawerama. Kenako Mayi Karasawa anakankha kabokosi kaja pamphasa ndi manja awiri mpaka pamaondo a mkamwini. Ryohei anamasula mfundo, anatsegula, n'kukweza nsidze.

"Haa! Wotchi!" anatero ndi mawu a munthu amene akuwerenga chikwangwani.

Nodoka anabisa nkhope m'dzanja la kimono, mapewa akugwedezeka. Bambo Mikoshiba, amene sankadziwa kanthu, anasendera pafupi n'kuyang'anitsitsa. Anaipendeka, kuwala kunathamanga pamuvi n'kuzimirira.

"Mayi Karasawa, mwatichititsa manyazi. Chinthu chotere! Ndi ya kuntchito kwako, Ryohei? Ndiye iwe osaiona?"

"Kumadutsa zambiri, bambo," anayankha akuyang'ana pansi.

"Anandivutitsa nayo," anatero Mayi Karasawa. "Kuli mnyamata wina kumeneko, mutu ngati mwala. Koma ntchito amaidziwa."

Ryohei anainyamula kuti avale. Mwachizolowezi anaitembenuzira kuwindo kaye, ndipo nkhope yake inasintha. Anaiyandikitsa kudiso. Dzanja lina linayamba kufufuza kansalu m'thumba.

"Pagalasipa pali..."

"Ndi chala changa," anatero apongozi ake. "Ndinaikhudza. Muli ndi mawu?"

Mnyamatayo anayang'ana kachidindo ka chala kaja, anayang'ana Nodoka, amene tsopano ankaseka poyera. Anatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu, n'kumanga lamba pamkono.

"Ndilibe, amayi. Zikomo kwambiri."

"Chabwino. Ndiye tiuzeni nthawi, anthu ali ndi njala."

"Yakwana yakudya."

Mayi Karasawa anawomba m'manja kuitana operekera zakudya, ndipo anauza Bambo Mikoshiba kuti asendeze kapu yawo, awathirire mowa.