Bokosi la a Kopolo

Atawasudzula a Gideoni, abale a malemu akazi awo anawauza mwaulemu wonse kuti tsopano ndi omasuka, akhoza kubwerera kwawo. Mawuwo anali okoma, koma tanthauzo lake linali lakuti mvula isanagwe akhale atachoka m'nyumbamo. Umu ndi mmene mkamwini amathera. A Gideoni anakhala pamudzi umenewu, kuseri kwa Nachisaka, kuyambira tsitsi lili bii mpaka lachita mbuu, akulima munda wa akazi awowo, a Falesi, koma Mulungu sanawapatse mwana woti lero aimirire n'kunena kuti bambo anga sachoka.

Nanga kwawoko kunali kuti? Anabadwira pa esiteti ya fodya, bambo awo ali tenanti, n'kukulira pa esiteti ina. Bambowo ankati kwawo ndi ku Phalombe, koma sanapiteko ndi ana awo ngakhale kamodzi. Malo okhawo amene a Gideoni anapeza tsopano anali a ulonda pa esiteti ina ku Bowe, kogona m'chigafa, pakati pa fodya ndi makoswe.

Chimene chinkawadya mtima koposa ndi bokosi. Linali lachitsulo, lobiriwira, lolemera ngati thumba la feteleza. Bambo awo, a Kopolo Namalomba, anabwera nalo kuchokera ku usilikali wa Keyala atamenya nkhondo ya azungu ku Somaliya. M'katimo munali timabuku ta Chingerezi tophunzitsa kumasula mfuti, kukumba maenje obisalamo ndi kumanga bala, komanso mapu akuluakulu omata pansalu, oyera m'mopinda chifukwa cha ukalamba. A Kopolo sanasiye mbuzi kapena munda. Anasiya bokosi limeneli ndi mawu akuti lisanyowe. A Gideoni Chingerezi sankachidziwa, koma chaka chilichonse dzuwa likafika poswa mtengo ankayanika mapuwo pamkeka, iwo n'kukhala pambali kuingitsa nkhuku. M'chigafa chodontha zinthu zimenezi sizikanatha dzinja limodzi.

Choncho a Yosefe, mlongo wawo wa a Falesi, akabwera kudzafunsa za tsiku, yankho linali limodzi: "Bokosili likapeza pokhala, alamu, ine ndinyamuka."

A Yosefe ankaifuna nyumbayo kuti alowemo mdzukulu wawo amene anali atangokwatiwa kumene, ndipo bokosilo anali atalipezera kale ntchito. Tsiku lina a Gideoni anawapeza pakhonde akupichira chingambwe m'kapepala kojambulidwa mfuti.

"Pepala ili ndi labwino zedi, alamu," anatero a Yosefe, manyazi alibe ndi pang'ono pomwe. "Silizima, silithetheka. Azungu akale ankadziwa kupanga zinthu. Ingondisiyirani, vuto lanu latha."

A Gideoni anapsa mtima, koma mkamwini wosudzulidwa angakalipire ndani? Anangogula loko.

Anayamba kuzungulira nalo panjinga. A hedimasitala a pasukulu yapafupi anatsegula mapu amodzi, n'kupukusa mutu mosilira, n'kunena kuti zinthu zotere ndi zamtengo wapatali, malo ake ndi ku nyumba yosungirako zinthu zakale ku Blantyre. Kenaka anawaonetsa kabati ya sukuluyo, chiswe chitamanga mpaka pamwamba. Ku Blantyre! Munthu woti ngakhale ku Lilongwe anangofikako kamodzi, ndiponso kuchipatala. Mkulu wa mpingo ndiye sanalole n'komwe kuti bokosilo litsike panjinga. Anati mabuku ophunzitsa kupha anthu sangagone chipinda chimodzi ndi zikho za mgonero. Aliyense ankavomera kuti ndi chuma, koma woti achisunge panalibe.

Uku mitambo inali itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a Ntchisi, ndipo mdzukulu uja ndi mwamuna wake anali akuunga kale mizere m'munda wa a Falesi. A Gideoni ankawaona ali pakhonde, osadziwa kuti awapatse moni ngati mwini munda kapena ngati mlendo.

Lachiwiri lina anakankha njinga mpaka ku Dzaleka, kumsasa wa anthu othawa kwawo, poti anthu ankati pamsika wa kumeneko palibe chinthu chosowa mwini. Mayi wina wa mandasi anafuna timabukuto kuti azikulungira malonda ake, koma mapu anawakana, ati nsaluyo ikumwa mafuta. A Gideoni anatopa, n'kukhala pansi pamthunzi wa golosale ina, bokosi lili chitsegulire.

Mwini golosaleyo anatuluka kuti awasunthe pakhomo. Anali mkulu wamtali, wa ndevu zopaka zofiira, dzina lake a Warsame, wa ku Somaliya. Asanalankhule maso awo anagwera pa mapu amene anali pamwamba.

"Madala, ndingaone?" anafunsa m'Chichewa chake chopindika.

Anawayala pakauntala. Chala chawo chinatsata mtsinje, n'kupatuka, n'kuyenda pamalo oyera opanda mudzi, n'kukaima pa kadontho kamene wina anakazunguliza ndi pensulo kalekale.

"Walemba apa ndani?"

"Bambo anga. Anali msilikali."

"Ichi ndi chitsime," anatero a Warsame. "Bambo anu anamwa pano. Mayi anga ankamwetsa ngamira pano. Ine ndinabadwira apa, mukuona apa? Pafoni sichioneka chitsime chimenechi. Ana anga anabadwira m'kampu muno, ndikawauza amaona ngati ndikupeka."

Anavula magalasi n'kumawapukuta ndi malaya nthawi yaitali, makasitomala akudikira sopo.

A Gideoni anali ataayanika mapu amenewo moyo wawo wonse osadziwa kuti pa kadonthopo pali madzi ndi anthu. Chisoni chinawagwira, koma chosakanikirana ndi kunyada.

"Mugulitsa bwanji?" anafunsa a Warsame.

"Sindikugulitsa, bambo. Ndikufuna poti zisanyowe. Koma mutenge zonse, ndi timabuku tomwe. Zinabwera limodzi."

A Warsame anatsegula kabati yagalasi ya kuseri kwa kauntala, n'kutulutsamo mafoni ndi mafuta onunkhira, n'kuyalamo nsalu yoyera. Anasanja timabuku tonse bwinobwino, kamene a Yosefe anang'amba kaja n'komwe, mapu n'kuwaika pamwamba. Denga linali lamalata atsopano. A Gideoni analiyang'ana kawiri.

"Mukafuna kuziona muzibwera," anatero a Warsame. "Mundipeza. Ine sindipita kulikonse, sindiloledwa." Kenaka anakankhira bokosi lija kwa mwini wake. "Ili tengani. Muikemo zovala popita kwanu."

A Gideoni anathokoza ndi manja awiri. Njinga inapepuka, ndipo pa mtunda woyamba anapalasa akuimba kanyimbo ka asilikali kamene bambo awo ankakonda. Zinthu za a Kopolo zinali zitapeza denga.

Atayamba kuona mitengo ya bulugamu ya pamudzi paja m'pamene nyimbo inawathera pakamwa. Anatsika panjinga n'kuima m'mbali mwa msewu. Anayang'ana miyala ili mbwee pamenepo, n'kuganiza kuti itatu yokha ingakwane kulibwezera bokosilo kulemera kwake, loko n'kutseka, osadziwa munthu. Anawerama, n'kutola umodzi. Koma kuika mwala mmene munkagona mapu a bambo awo kunawakanika, ndipo anauponya kutchire.

Anafika kamphepo ka mvula katayamba. A Yosefe, amene chiyambire anali asanawathandizepo kunyamula kanthu, anathamanga kudzalandira njinga. Anamasula chingwe, n'kukokera mphamvu zonse kuti anyamule bokosilo, ndipo linangokwera lokha mpaka pachifuwa. Analigwedeza. Munalibe cholira.

"Lapepukatu, alamu," anatero, nkhope ikuwala. "Ndiye tinene kuti mawa?"

A Gideoni anayang'ana chitseko chimene anapala okha chaka chimene anakwatira a Falesi.

"Mawa," anayankha.